Malipiro a waganyu asagone m'thumba mwathu

Pali munthu mmodzi amene dzina lake silimveka kawirikawiri m'mapemphero athu apakhomo, chonsecho nsima imene timadya imadutsa m'manja mwake. Munthuyo ndi waganyu. Ndiye amaunga mizere dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndiye amapalira ndi kubandira mvula ili pamsana, ndiyenso amakumba mbatatesi ndi kusenza matumba kukatula kumsewu. Pa tsiku la masika timayamika Mulungu chifukwa cha mvula, nthaka ndi mphamvu zathu, koma iyeyu timamudumpha. Lero tiyeni tilingalire za iye poyang'ana mapiri a Dedza, kumene ntchito ya ganyu yasintha kangapo m'zaka 50 zapitazi, koma njala ya wogwira ntchitoyo sinasinthe.

Boma la Dedza lili ndi madera atatu osiyana, ndipo dera lililonse lili ndi nyengo yakeyake ya ganyu. Kuchigwa cha Linthipe ndi Lobi kumalimidwa chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Kumeneko ganyu amachuluka kuyambira posadza mpaka pobandira, kenaka nthawi yokolola, ndipo chilimwe chikafika makasu ambiri amapachikidwa. Kumunsi kwa mapiri a Golomoti, cha ku Mtakataka, ndi kotentha, ndipo mpunga wa m'sikimu ya Bwanje umafuna manja powokera, popalira, poingitsa mbalame ndi popuntha. Kumtunda, m'madera ozizira monga Bembeke ndi midzi yozungulira phiri la Dedza, ulimi sugona. Mbatatesi ya mvula ikatha amalowa m'madimba, kumene kabichi, tomato, anyezi, nsawawa ndi mbatatesi yothirira zimafuna wotipula, wothirira, wopopera mankhwala, wokumba, wosankha, wosoka matumba ndi wokweza pa malole m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1.

Munthu akhoza kuganiza kuti kumene ntchito ndi yambiri chonchi, malipironso ndi okoma. Koma kumene kwachuluka ntchito ndi kumenenso kumathamangira manja. Kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 620,000 m'boma la Dedza, ndipo wa 2018 anapeza oposa 830,000. Anthu anachuluka, mapiri sanafutukuke. Munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa ana aakazi ndi adzukulu, mpaka ena atsala ndi kachigawo kosakwana kudyetsa banja miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi yotsalayo chakudya chiyenera kuchokera m'munda wa wina. Kafukufuku wa m'mabanja amene ofesi ya kalembera ya NSO inachita pakati pa 2010 ndi 2019 anaonetsa zomwezi m'dziko lonse: mabanja akumudzi odalira ganyu anali kuchulukirachulukira, pamene phindu lochokera m'minda yawo linali kuchepa.

Kumene tachokera

Makolo athu anali ndi dima. Mwini munda ankafulula mowa kapena kukonza thobwa, anansi ankabwera ndi makasu awo, ndipo tsiku lina iye ankapita kukabweza. Panalibe bwana ndi wantchito, popeza wothandizidwa lero ndiye anali wothandiza mawa. Msonkho wa atsamunda utafika, ndalama inayamba kulamula. Amuna anayamba kuyenda maulendo kukagwira ntchito m'mafamu a ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe, ndi m'migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela. Kumudzi kunatsala amayi, ndipo ndalama zotumizidwa kuchokera kunja ndizo zinayamba kulipira olima m'malo mwa mwamuna amene palibe.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira. Nthawi yomweyo maesiteti a fodya wa bale anali kukula ku Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe, ndipo lamulo silinkalola alimi ang'onoang'ono kulima fodyayu m'minda yawo. Ambiri amene anatuluka m'migodi, pamodzi ndi mabanja osowa malo, kuphatikizapo ena a m'mapiri muno, analowa utenanti. Tenanti ankapatsidwa chimanga ndi feteleza pangongole, ankalima pamodzi ndi mkazi ndi ana ake chaka chonse, ndipo pomaliza mwini esiteti ankagula fodyayo pa mtengo umene yekha wakhazikitsa. Ngongole zikachotsedwa, ena ankatsala opanda ngakhale ndalama yokwerera basi yobwerera kwawo.

Kenaka kunabwera nyengo imene akuluakulu a ku Dedza saiwala. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu anawoloka malire miyandamiyanda, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anaposa 1 miliyoni. Maboma a Dedza ndi Ntcheu analandira ochuluka ochokera ku Angónia, ndipo ambiri a iwo sanakhale m'misasa koma m'midzi momwemo, pakati pa abale a mtundu umodzi ndi chiyankhulo chimodzi. Popeza analibe minda, anagwira ganyu m'minda ndi m'madimba mwathu. Alipo amene anawalandira ngati abale ndi kuwabwereka malo olima. Aliponso amene anaona mwayi wa manja otsika mtengo, nalimitsa ndime yaikulu pa kambale ka ufa.

Pa 4 Okutobala 1992 mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome, ndipo m'zaka zochepa alendo aja anabwerera kwawo, ku nthaka yotakasuka imene inapuma zaka zonse za nkhondo. Zinthu zinatembenuka. Kuyambira pamenepo, chaka cha njala chikafika, monga 2002, 2016 kapena 2024, ndi ife amene timatenga khasu ndi thumba, kuwoloka malire m'mamawa kukapalira minda ya ku Angónia kuti tibwereko ndi chimanga. Amene ankaima pakhomo pathu kupempha ndime, lero ana athu akuima pakhomo pawo. Akuluakulu sananame pamene anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti ubwana ndi uganyu si mitundu ya anthu, koma ndi nyengo chabe.

Ndalama zikukwera, nsima ikuchepa

Pa pepala malipiro akwera ndithu. Malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa anali K50,000 pamwezi mu 2021, omwe ndi K1,923 patsiku. Mu Febuluwale 2024 anafika pa K90,000, ndipo mu Juni 2025 anakwezedwanso kufika pa K126,000. Koma mayi wa kumudzi sawerengera malipiro mu kwacha. Amawerengera mu chimanga. Mu 2021 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linkagulidwa pansi pa K10,000 m'misika yambiri, kotero malipiro a mwezi ankagula matumba oposa asanu. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenaka ng'amba ya El Niño itaotcha mbewu mu 2024, thumba lomwelo linadutsa K80,000 kumayambiriro kwa 2025. Malipiro a mwezi wathunthu anangokwana thumba limodzi. Thukuta la tsiku limodzi, limene mu 2021 linkabweretsa pafupifupi makilogalamu 10, linatsika kufika pa makilogalamu awiri: nsima ya tsiku limodzi ya banja la anthu asanu, popanda ndiwo, mchere, sopo kapena ndalama ya kuchigayo.

Tikumbukirenso kuti ziwerengero zimenezi ndi za lamulo, ndipo lamulo silifika kudambo. Waganyu salipidwa patsiku kapena pamwezi. Amalipidwa pa ndime, pa mzere, pa thumba limene wakumba kapena wasenza. Palibe kalata yolemberana, palibe mboni, palibe wa ofesi ya zantchito amene amayendera madimba a ku Bembeke kukayeza kutalika kwa ndime. Mtengo umapangidwa m'mphepete mwa munda ndi anthu awiri, mmodzi wokhuta, wina amene ana ake anagona ndi njala. Wanjala satsutsa mtengo. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma ndipo chimanga chakwera kwambiri pamsika, ofuna ganyu amaima pamzere, ndipo aliyense amadziwa kuti akakana, kumbuyo kwake kuli wina amene avomera. Motero mtengo wa ntchito umatsika nthawi yomwe mtengo wa chakudya wakwera. Si kulemera kwa ntchito kumene kumaika mtengo, koma kukula kwa njala.

Pali msampha wina wobisika. Masabata amene mwini munda akufuna opalira ndi omwewo amene munda wa waganyu ukufunanso khasu. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chikachedwa kupaliridwa m'masabata oyamba, udzu umadya chakudya chake ndipo zokolola zimatsika. Waganyu amasiya munda wake kuti apeze chakudya cha lero, ndipo potero amataya chakudya cha chaka cha mawa. Ena amalandira feteleza wotsika mtengo n'kumugulitsa kwa mlimi yemweyo amene akumugwirira ganyu, pofuna kugula ufa. Chaka chotsatira nkhokwe imauma msanga kuposa kale, ndipo amabwerera ku ganyu msanga kuposa kale. Umphawi wotere suchokera ku ulesi. Nthawi zambiri munthu amene munda wake uli thengo ndi amene wapalira minda yambiri m'mudzimo.

Zaka zaposachedwapa zabweretsanso kusintha kwina. Mankhwala opha udzu afala m'misika, ndipo alimi opeza bwino amapopera tsiku limodzi munda umene kale unkadyetsa mabanja angapo kwa sabata. Ofufuza ena m'chigawo chapakati achenjeza kuti zimenezi zikuchotsa ganyu wopalira m'miyezi yomwe osauka amamufunitsitsa. Achinyamata amphamvu ambiri asiya khasu, ena ali pa kabaza m'matauni, ena awoloka pa chipata cha Dedza kulowera ku South Africa. Otsala pa ndime ndi amayi, amasiye, okalamba ndi ana. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Dziko la United States linafika poimitsa fodya wathu pamadoko ake mu Novembala 2019 chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana. Komabe amene amadutsa m'madimba nthawi ya sukulu amadziwa kuti ana osenza makheni a madzi sanathe.

Zimene Mawu amatiuza

Nkhani ya malipiro si yachilendo m'Malemba. Pa Levitiko 19:13 ndi Deuteronomo 24:14-15, Aisraeli analamulidwa kulipira wolembedwa ntchito tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kaya ndi mbale wawo kaya ndi mlendo, ndipo chifukwa chake chinaperekedwa: munthuyo ndi wosauka, moyo wake ukudalira malipirowo. Mulungu amene anapereka lamuloli ankadziwa kuti "ubwere Lachisanu" ndi mawu opepuka kwa mwini nkhokwe, koma kwa waganyu ndi masiku atatu ogona ndi njala. Yakobo anadandaula kuti Labani, amalume ake enieni, anasintha malipiro ake kakhumi (Genesis 31:7), kusonyeza kuti chinyengo cha pantchito chimalowa ngakhale pakati pa abale. Mneneri Yeremiya anadzudzula mfumu imene inamanga nyumba yake ndi anthu osalipidwa (22:13), ndipo kalata ya Yakobo 5:4 imachenjeza eni minda kuti malipiro obisidwa a okolola ali ndi mawu, ndipo mawuwo amafika kwa Ambuye.

Malemba amationetsanso eni minda abwino. Boazi anauza anyamata ake kuti asiyeko dala ngala za Rute, mkazi wamasiye wa dziko lina, ndi kuti asamuchititse manyazi. M'fanizo la pa Mateyu 20, mwini munda wamphesa anapangana ndi antchito mtengo ntchito isanayambe, anawalipira madzulo omwewo, ndipo amene anawapeza mochedwa anawapatsanso malipiro okwanira tsiku. Fanizoli likunena za chisomo, komabe tisaphonye chimene chikuonekera poyera: mwini mundayo anadziwa kuti banja la wolembedwa madzulo limadya mofanana ndi banja la wolembedwa m'mawa.

Mpingo m'Malawi unayankhulapo kale pa zimenezi. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, yomwe Ambuye Gervazio Chisendera a dayosizi ya Dedza anasaina nawo, timaikumbukira chifukwa cha ndale. Koma inadandaulanso za malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika imene alimi ankapatsidwa pa mbewu zawo. Tinaombera m'manja pamene mawuwo analoza boma ndi eni maesiteti. Kodi tidzawalandira pamene aloza khomo lathu?

Pajatu olemba aganyu ambiri ku Dedza si makampani. Ndi ife: aphunzitsi, anamwino, ochita malonda, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, atsogoleri a miphakati, ndi ife a m'tauni amene timatumiza ndalama pafoni kuti abale atilimitsire kumudzi. Lamulungu timakhala pa benchi imodzi ndi amene anatipalirira Lachitatu. Timayimba naye nyimbo imodzi, timalandira naye Mgonero, pamene m'thumba mwathu muli ndalama yake. Tsiku la masika timanyamula thumba la mbatatesi kupita nalo kutsogolo, mpingo n'kuimba nthungululu, iye amene anaikumba ali kumbuyo akuwerenga masiku. Chopereka chotere chili ndi eni ake awiri, ndipo mmodzi sanafunsidwe.

Sitikunena kuti kulemba ganyu ndi tchimo. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, amene anakhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia m'zaka za m'ma 1990, anaona kuti kumeneko ganyu ndi gawo la ubale: wopeza bwino amayembekezeredwa kupatsa abale ndi anansi ntchito pa nthawi ya njala, ndipo womana amatengedwa ngati wouma mtima. Mabanja ambiri anapulumuka njala ya 2002 chifukwa mnansi wina anatsegula nkhokwe yake posinthana ndi khasu. Tikudziwanso kuti mlimi wolemba aganyu naye ali pa moto. Feteleza anakwera kangapo kuyambira 2021, mbewu ndi mankhwala n'zodula, ndipo mavenda amabwera ndi matumba osokerera pamwamba, kugula thumba ndi theka pa mtengo wa thumba limodzi. Koma wopsinjidwa kumsika asakapsinje mnzake kumunda. Ululu umene timamva pamene venda watiponderezera mtengo ndi womwewo umene waganyu amamva tikamutalikitsira ndime.

Chimene tingachite pakhomo pathu

Kukonza chuma cha dziko ndi ntchito ya boma, ndipo tiyenera kupitiriza kulikumbutsa. Koma pali zina zimene sizidikira Nyumba ya Malamulo. Tipangane mtengo ndi kukula kwa ndime khasu lisanagwe pansi, ndipo tisasinthe mawu ntchito itatha ponamizira kuti sinagwirike bwino. Chingwe kapena ndodo yoyezera ikhale imodzi kwa mbale ndi kwa mlendo, kwa bambo ndi kwa mayi. Ngati tilibe ndalama lero, tisaitane munthu lero. Poika mtengo tidzifunse funso limodzi: kodi zimene ndikum'patsazi zigula ufa wokwanira banja lake usiku uno? Chimanga chikakwera pamsika, mtengo wa mzere ukwerenso. Tikamalipira ndi chakudya, chikhale chimanga chimene ifenso tingadye, osati chofumbwa kapena madeya amene tinasungira nkhumba, ndipo chigoba choyezera chisakhale chophwanyidwa m'mbali.

Timupatsenso mpata wosamala munda wake. Amene amatigwirira ntchito chaka ndi chaka tikhoza kum'patsa chimanga mu Disembala, iye n'kuyamba wapalira kwake, ntchito yathu n'kudzagwira pokolola kapena m'dimba nthawi ya chilimwe, popanda chiwongoladzanja cha katapila. Mwana akabwera kudzapempha ndime nthawi ya sukulu, tiitane kholo lake; mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mipingo nayo ili ndi minda, ndipo minda imeneyo iyenera kukhala chitsanzo cha malipiro abwino m'dera lonse. Miphakati, magulu a amayi ndi achinyamata akhoza kudzutsa dima lakale, kupalirirana minda ya amasiye ndi odwala sabata yoyamba ya udzu, kuti asakakamizike kusiya minda yawo. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa ife amene timagwira ganyu, Mawu sanatisiye opanda udindo. Kukwirira udzu ndi dothi kuti ndime ithe msanga ndi kuba. Kulandiriratu malipiro n'kusowa ndi kuba. Kubisa mbatatesi m'mzere kuti tidzaifukule usiku ndi kubanso. Akolose 3:23 amatilimbikitsa kugwira ntchito ndi mtima wonse monga ogwirira Ambuye, ndipo mutu wotsatira umayamba ndi kukumbutsa mabwana kuti nawonso ali ndi Mbuye kumwamba. Mtumwi anaika mawu awiriwa moyandikana kuti pasapezeke wowerenga mbali ya mnzake yokha. Ndipo tisachite manyazi ndi khasu la ganyu. Ambuye wathu anakula m'nyumba ya mmisiri wa matabwa, ndipo manja ake ankadziwa zikang'a.

Okondedwa awerengi, tisanagone lero tiyeni tikhale pansi monga banja, tiwerenge Deuteronomo 24:14-15, kenaka tifunsane: kodi alipo amene anagwira ntchito pakhomo pano, m'munda kapena m'dimba, amene sitinamalize kum'lipira? Ngati alipo, tisadikire kuti abwere kudzaima pachipata ndi manyazi ngati wopempha, pakuti sakupempha. Ndalamayo ndi yake. Timulondole kwawo mawa m'mamawa. Ambuye atipatse mitima yoopa kudya thukuta la anzathu, adalitse minda yathu ndi minda ya amene amatilimira. Amen.